Droni pa saiti: satifiketi ya woyendetsa siteteza amene ali pansi

Droni ikafika pa saiti ya zomangamanga, anthu ambiri amangoiona ngati kamera youluka. Kontrakitala amafuna zithunzi zoti aonetse mwini ntchito, saveya amafuna kuyeza milu ya mchenga ndi kwale osaikwera, injiniya amafuna kuona ming'alu pakhoma la nsanjika yachikhumi asanamangitse sikafodi. Zonsezi n'zaphindu, ndipo paliponse pamene droni yalowa m'malo mwa munthu wokwera pamwamba, ngozi imodzi yapewedwa. Koma walira mvula walira matope. Chipangizochi chili ndi mapiko akuthwa ozungulira maulendo masauzande angapo pamphindi, chili ndi batire lotha kuyaka lokha, ndipo chimadutsa pamwamba pa anthu amene maso awo ali pa ntchito ina.

M'makampani ambiri maphunziro onse amathera pa munthu mmodzi, wogwira rimoti. Amapita ku kosi, amalemba mayeso, amabwera ndi pepala, nkhani n'kuthera pomwepo. Mmisiri amene ali pa sikafodi, woyendetsa kireni, womanga zitsulo za silabu, wokankha wilibala, onsewa sauzidwa kanthu. Komatu droni ikagwa simasankha kugwera mwini satifiketi. Iye amakhala ataima kutali, pamalo abwino.

Tiyambe ndi masamu pang'ono, chifukwa ndi amene amachotsa maganizo oti ichi n'chidole. Madroni otchuka pa ntchito zoyeza malo ndi monga DJI Mavic 3 Enterprise, ya magalamu pafupifupi 915, Phantom 4 RTK, ya makilogalamu pafupifupi 1.4, ndi Matrice 350 RTK, imene ndi mabatire ake awiri imayandikira makilogalamu 6.5 isanamangiriridwe kamera. Tengani yapakatiyo. Imalemera ngati hamala yaifupi yophwanyira konkire, ndipo palibe kapitawo amene angalole hamala yotere kulendewera mamita 30 pamwamba pa anthu ake. Mamota akazima pa mamita 30, droni imafika pansi m'masekondi pafupifupi 3. Ngakhale mpweya utaibweza mpaka liwiro litatsika kufika mamita 15 pa sekondi, imamenya ndi mphamvu yoposa ma joule 150 (joule ndi muyeso wa mphamvu). Helemeti ya pa saiti ya muyeso wa EN 397 amaiyesa poigwetsera chitsulo cha makilogalamu 5 kuchokera pa mita imodzi, omwe ndi ma joule 49 okha. Ndipo helemeti imaphimba pamwamba pa mutu basi. Khosi, mapewa ndi nkhope zili pamtetete.

Chinanso, droni siigwa choongoka pokhapokha inali itaima malo amodzi. Ikamathamanga mamita 10 pa sekondi pa msinkhu wa mamita 30, m'masekondi amene ikugwawo imatha kupitirira kutsogolo mamita 20 kapena 25, ndipo mphepo imawonjezerapo. Apa ndi pamene pachokera lamulo losavuta kukumbukira limene a EASA, oyang'anira za ndege ku Ulaya, amalangiza: mtunda wa pakati pa droni ndi anthu, poyeza pansi, usachepere msinkhu umene droniyo ili. Ili mamita 40 m'mwamba, anthu akhale mamita 40 kumbali. Kukoka tepi mozungulira pomwe droni ikunyamukira n'kuganiza kuti mwatchinga, kumeneko n'kudzinamiza. Malo oyenera kutchinga ndi onse amene ali pansi pa njira yake, kuphatikizapo m'mbali mwake.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo oyamba kuwafunsa ndi a bungwe loona za ndege kwanuko. Koma ndi bwino kudziwa awiri amene maiko ena ambiri amatengerako. Ku United States kuli Part 107 ya FAA (bungwe loona za ndege kumeneko), imene inayamba kugwira ntchito mu 2016: droni yosafika mapaundi 55 (pafupifupi makilogalamu 25), msinkhu wosapitirira mafiti 400 (pafupifupi mamita 120), woyendetsa wa zaka 16 kupita m'tsogolo, wobwereza maphunziro miyezi 24 iliyonse, ndipo droni izioneka ndi maso nthawi yonse. Ku Ulaya kuli lamulo la 2019/947, lokhala ndi malire a mamita 120 ndi makilogalamu 25. Mfundo imene imasokoneza makontrakitala ambiri ndi yoti ndani amene droni ingadutse pamwamba pake. Kwa FAA, kungouza amisiri m'mawa kuti lero kuuluka droni sikuwasandutsa otenga nawo mbali, amene droni imaloledwa kudutsa pamwamba pawo. Otenga mbali ndi woyendetsa, womuyang'anirira (womuthandiza kuona droni ndi zoizungulira) ndi ena ofunikadi pa kuulutsako. Kuyambira mu 2021 kuli magulu anayi a madroni ololedwa kudutsa pamwamba pa anthu, ndipo gulu lachitatu ndi limene limakhudza malo otsekedwa ngati saiti, pomwe aliyense wachenjezedwa. Koma droniyo iyenera kukhala yotsimikizidwa kuti ikamenya munthu mphamvu yake sipitirira pafupifupi ma joule 34, komanso yopanda mapiko oonekera otha kucheka khungu. Yerekezani ndi ma joule 150 aja, muona kuti madroni ambiri a pa saiti sali m'gulu limenelo pokhapokha ataikidwa parachuti yovomerezeka.

Ngozi imene siioneka pa ripoti

Ambiri akamaganiza za droni amaganiza za kugwa kwa droniyo. Ine ndimaopa kwambiri kugwa kwa munthu. Phokoso la droni ndi lachilendo, limasintha ikamakhota, ndipo munthu aliyense akalimva amatukula mutu osaganiza n'komwe. Pansi palibe vuto. Koma pamakwerero, m'mphepete mwa silabu, pa denga lotsetsereka, kapena pamene wagwira galainda ikuzungulira, masekondi awiri oyang'ana kumwamba ndi okwanira kuphonya phazi. Ofufuza a ku University of Florida anaunika nkhaniyi ndipo anagawa zoopsa zake patatu: kumenyedwa ndi droni, kusokonezeka maganizo, ndi nkhawa yobwera chifukwa chodziona kuti ukuyang'aniridwa. Zachiwiri ndi zachitatuzi sizisiya chizindikiro. Munthu akagwa pa sikafodi, ripoti limati waterereka, ndipo droni imene inadutsa kumbuyo kwake siitchulidwa.

Choncho njira yoyamba yodzitetezera si chipewa kapena magalasi, koma nthawi. Ulutsani pamene anthu palibe: m'mawa ntchito isanayambe, nthawi ya chakudya chamasana, madzulo anthu ataweruka, kapena tsiku losagwira ntchito. Kujambula mapu a saiti ya mahekitala angapo, pa msinkhu wa mamita 60 mpaka 100, zithunzi zikulowana ndi 75 kapena 80 peresenti kutsogolo ndi 65 kapena 70 peresenti m'mbali, nthawi zambiri kumatheka ndi batire limodzi kapena awiri. Kumakwana bwinobwino mu ola lopumula. Ndipo mapu amatuluka abwino kwambiri anthu ndi magalimoto akakhala kuti sakuyendayenda, ndiye apa chitetezo ndi ubwino wa ntchito sizikulimbana ayi.

Pamene palibe kuchitira mwina, mwachitsanzo mukufuna kujambula konkire ikuthiridwa, ntchito zina ziyenera kuima kapena droni izitalikire. Kunyamula katundu ndi kireni, kumanga kapena kumasula sikafodi, kuika malata ndi zitsulo za denga, ntchito ya pafupi ndi mawaya amoyo a magetsi: izi siziyendera limodzi ndi droni yapafupi. Kumene akuphwanya miyala ndi zophulitsa, woyang'anira kuphulitsako ndiye apereke chilolezo, chifukwa rimoti ndi droni zonse zimatumiza mafunde a wailesi, ndipo mafunde saloledwa pafupi ndi madetoneta a magetsi, tizipangizo toyatsira zophulitsazo.

Pali nkhani ya nkhawa ija. Amisiri akaganiza kuti droni yabwera kudzawerenga amene akhala pansi, amayamba kuchita changu ikamadutsa, ena amabisala, ena amaikwiyira mpaka kuigenda. Auzeni poyera kuti zithunzi ndi za chiyani, aziona ndani, zisungidwa nthawi yaitali bwanji. Ngati kampani ikufunadi kugwiritsa ntchito zithunzizo poona ophwanya malamulo a chitetezo, inene zimenezo. Kubisa kumaononga zambiri kuposa kunena.

Zimene saiti imachita kwa droni

Woyendetsa amene waphunzirira pabwalo lopanda kanthu amafika pa saiti akudzidalira, koma saiti ili ndi misampha yake. Woyamba ndi chitsulo. Droni imadziwa kumene yaloza pogwiritsa ntchito kampasi, ndipo kampasi imasokonezeka ndi zitsulo za m'konkire, makontena, mapaipi, majenereta ndi mawaya a magetsi amphamvu. Mukainyamutsira pa silabu yodzaza zitsulo, imatha kuyamba ulendo ikuganiza kuti kumpoto kuli kwina. Ikakwera n'kutalikirana ndi zitsulozo, kampasi ndi GPS zimayamba kutsutsana, ndipo mumaiona ikuzungulira mozungulira mokulirakulira, kapena kuthawira mbali imodzi. Cholakwika chachikulu n'kukonza kampasi pomwepo pa silabupo chifukwa sikirini yachenjeza. Mukatero mwaiphunzitsa bodza. Chenjezo likabwera, sunthani kaye: pitani pa dothi lenileni, mamita 10 kapena kuposerapo kuchokera ku zitsulo ndi magalimoto, muone ngati chenjezolo lichoke lokha. Nthawi zambiri limachoka.

Wachiwiri ndi GPS. Pakati pa nyumba zazitali, m'dzenje lakuya la maziko, kapena kunsi kwa mlatho, droni imaona masetilaiti ochepa, ndipo mafunde ena amaifika atagunda kaye pakhoma. Malo amene ikuganiza kuti ili amasuntha ndi mamita angapo. GPS ikatayikiratu, madroni ambiri amalowa mu ATTI: amasunga msinkhu koma sasunga malo, ndipo amatengeka ndi mphepo mpaka woyendetsa atawabweza ndi manja. Woyendetsa amene sanaulutsepo mu ATTI pamalo ophunzirira asaulutse pafupi ndi khoma. Mayeso olemba saphunzitsa zala.

Wachitatu, ndipo uwu wagwetsa madroni ambiri, ndi batani lobwerera kwawo. Droni ikataya kulumikizana ndi rimoti, kapena batire likatsika kwambiri, imakwera kufika pa msinkhu umene munaika, n'kulunjika kumene inanyamukira. Msinkhu umenewu ukakhala wotsika kuposa kireni, mukudziwa kale kumene ikathere. Uikeni mamita 15 kapena 20 pamwamba pa chinthu chachitali kwambiri pa saiti, osapyola malire a lamulo, ndipo uunikeni ulendo uliwonse, chifukwa kireni imakwezedwa nyumba ikamakula, ndipo nambala ya mwezi watha lero n'njakale. Kumbukiraninso kuti droni imawerenga msinkhu kuchokera pamene yanyamukira, osati pa nthaka ya saiti. Mukanyamukira m'dzenje lakuya mamita 8, mamita 60 a pa sikirini ndi 52 okha poyerekeza ndi phazi la kireni. Musanyamuke droni isanalembe malo ake obwerera. Dikirani masetilaiti akwane, 12 kapena kuposa, ndipo onani pa mapu kuti kadontho kali pamene inu mwaima. Malo amenewo akhale otchingidwa mpaka droni itatera. Ikamabwerera yokha siidziwa kuti pakati apa pafika lole ya simenti.

Za kireni pali china chimene ambiri sachidziwa. Kireni yansanja ikasiyidwa usiku kapena pa tsiku lopuma, amaimasula mabuleki a kuzungulira kuti mkono wake uzitsata mphepo. Ndiye ngakhale mulibe munthu m'kabini, mkonowo umayenda. Njira imene munakonza dzulo mkono uli kum'mawa, lero mungaupeze uli kumadzulo. Muziyesa bwalo lonse limene mkono ungafike ngati lotsekedwa, kupatula mutauluka pamwamba pake. Chimodzimodzi mkono wa pampu ya konkire ndi kireni yoyenda, zimene zimatha kudzuka m'mphindi zochepa woyendetsa droni maso ali kwina.

Musadalire masensa oona zopinga. Amaona khoma, koma chingwe cha kireni, waya wa magetsi, ukonde wa pa sikafodi ndi zitsulo zoonda zotulukira pamwamba pa mapilala amaziphonya kawirikawiri. Galasi ndi madzi zimawasokoneza, kukachita mdima sagwira bwino, ndipo pa madroni ambiri amazima mukasankha liwiro lalikulu. M'kati mwa nyumba, momwe mulibe GPS, droni imadalira makamera a kunsi, amene amafuna kuwala ndi pansi pooneka mawanga. Konkire yosalala ya mtundu umodzi kapena chithaphwi zimaichititsa kutsetsereka. Ikayandikira siling'i kapena kunsi kwa mlatho imakokeredwa m'mwamba mwadzidzidzi, chifukwa mpweya wa pamwamba pa mapiko umachepa mphamvu. M'malo otere ikani zotchingira mapiko, kapena gwiritsani ntchito droni yotchingidwa ndi kakhola mozungulira, ndipo m'chipindamo musakhale wina aliyense wosafunika.

Mphepo ya pansi imanamiza. Pa mamita 60 imakhala yamphamvu kuposa pamene mwaima, ndipo m'makona a nyumba ndi pamwamba pa denga imazungulira mosadziwika bwino. Opanga amalemba malire, monga mamita 12 pa sekondi pa Mavic 3 Enterprise ndi Matrice 350, koma amenewo ndi malire a makina, si a ntchito ya pafupi ndi anthu. Dziikireni anuanu otsikirapo, mwachitsanzo mamita 8 pa sekondi, poyang'ana mphepo ya mwadzidzidzi osati yapakati. Kireni yansanja imakhala ndi choyezera mphepo pamwamba pake, ndiye funsani woyendetsa kireni pa wailesi. Nambala yakeyo ndi yoona kuposa ya pa foni. Popita pitani molimbana ndi mphepo kuti pobwerera, batire litatopa, mphepo izikukankhani.

Batire ndi mapiko

Selo (chigawo cha m'kati) lililonse la batire wamba la droni, la mtundu wa LiPo, limakhala mavoti 4.2 likadzaza, 3.7 pakatikati, ndipo likatsika pansi pa 3.0 limaonongeka. Ikani chenjezo pa 30 peresenti, ndipo droni ikhale ili pansi isanafike 20. Musanauluke onani mavoti a selo lililonse pa sikirini. Limodzi likasiyana ndi anzake ndi 0.1 kapena kuposa, batirelo lisauluke pamwamba pa saiti. Lotupa, losweka, lonyowa, kapena limene linali m'droni yomwe yagwa, lichotsedwe ntchito ngakhale likuoneka kuti likuyaka bwino, chifukwa kuvulala kwa m'kati kumatha kubweretsa moto patapita maola. Polilowetsa, likankheni mpaka limveke kuti latsekeka, kenako yesani kulikoka. Batire losatsekeka bwino limasololoka droni ikakhota mwamphamvu, ndipo pamenepo palibe batani lothandiza.

Potchaja, dikirani lizizire likangotsika, gwiritsani ntchito tchaja yake yeniyeni, liikeni pa konkire kapena m'bokosi lachitsulo, ndipo pakhale munthu. Malo oipitsitsa otchajira ndi amene anthu ambiri amasankha: kontena ya sitolo, momwe muli penti, thina, dizilo ndi makatoni. Musasiye mabatire m'galimoto yoima padzuwa. Ngati sagwira ntchito masiku angapo, asungeni ali pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Batire likayamba kufuka kapena kulira ngati likutuluka mpweya, anthu atalikire ndipo akhale kumene mphepo ikuchokera, pakuti utsi wake ndi wapoizoni. Chozimitsira moto cha ufa chingazimitse malawi koma sichiziziritsa maselo, ndiye moto umatha kubwereranso. Madzi ambiri ndi amene amaziziritsa, bola tchaja ikhale itazulidwa ku magetsi. Mchenga wouma umathandiza kuti moto usafalikire.

Mapiko ndi otchipa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona droni yodula ikugwa chifukwa cha phiko limene likanasinthidwa. Yendetsani chala m'mphepete mwa lililonse, pindani pang'ono kufupi ndi tsinde muone ngati pali mng'alu, ndipo onetsetsani kuti lili pa mota yake, popeza ena amazungulira kumanja ena kumanzere ndipo ali ndi zizindikiro. Zungulizani mota iliyonse ndi dzanja batire lisanalowe. Ikamakhula, mwalowa fumbi la simenti kapena tizitsulo ta galainda, timene maginito a mota amakoka. N'chifukwa chake mphasa yoterapo si yokongoletsera: imaletsa droni kudzithira yokha fumbi ndi kuuluzira timiyala m'maso mwa anthu. Iikeni zolemera m'makona. Kugwira droni ndi dzanja ikamatera, kumene ena amachita pothawa fumbi, ndi njira yachidule yopitira kukasokedwa zala.

Aphunzire ndani, aphunzire chiyani

Woyendetsa ayenera kukhala ndi laisensi ya dziko lake, koma pamwamba pake alandire maphunziro olowera pa saiti ngati wina aliyense, ngakhale wangobwera kwa ola limodzi. Iyenso ali pangozi. Maso ake ali kumwamba kapena pa sikirini, ndipo munthu woyang'ana kumwamba amabwerera m'mbuyo osadziwa, kulowera kudzenje kapena kumsewu wa malole. Asankhe malo amodzi, awatchinge, aime pomwepo. Akafuna kusamuka, ateretse kaye. Avale helemeti ya lamba wa pachibwano, chifukwa yopanda lamba imagwa akangotukula mutu. Ndipo pasapezeke womulankhulitsa droni ili m'mwamba, ngakhale bwana wofuna kuona pa sikirini. Zithunzi aziona ikatera.

Womuyang'anirira si munthu wongotoledwa chifukwa alibe chochita. Ntchito yake n'kuona zimene woyendetsa sakuona: munthu wolowa m'malo otchingidwa, kireni yoyamba kuyenda, helikopita, mbalame zazikulu, mvula yobwera. Akhale ndi wailesi pa tchanelo chimodzi ndi woyendetsa kireni ndi wopereka masaini ake, ndipo agwirizane mawu afupiafupi osasokoneza, monga "ima", "kwera", "tera". Amene amaika zizindikiro za saveya pansi asaiwalike. Kuika zizindikiro 5 mpaka 10 pa saiti kumatanthauza munthu wogwada pakati pa njira za makatapila, ndipo nthawi zambiri iyeyu ndi amene ali pangozi yaikulu pa ntchito yonse yojambula mapu. Avale jekete yowala, oyendetsa makina auzidwe, ndipo zizindikirozo zisaikidwe pomwe malole amabwerera chambuyo.

Tsopano anthu ena onse. Maphunziro awo safuna tsiku lathunthu. Mphindi 10 pa tsiku lolowa ntchito, ndi mphindi ziwiri pa msonkhano wa m'mawa tsiku louluka, ndi zokwanira ngati zachitika bwino komanso m'chilankhulo chimene anthuwo amamva. Bweretsani droniyo aione ili pansi, agwire phiko, aone batire lotupa, amve phokoso lake ataima pabwino. Chidwi chikathera pamenepo, sichidzawavutitsa ali pa sikafodi. Auzeni nthawi, njira imene idutse, ndi chizindikiro choyambira ndi chomalizira, kaya ndi huta kapena wezulo, chosiyana ndi cha moto. Kenako malangizo enieni: ukaimva uli pamwamba kapena wagwira makina, usaifunefune ndi maso, ngati ikukusokoneza, zimitsa makina, gwira polimba, uza kapitawo. Usaikodole, usaigende, usaiwalitsire tochi. Ikabwera kwa iwe usaigwire ndi manja. Tembenuka, bisa nkhope, lowa pansi pa denga ngati lili pafupi. Ikagwa usaitole, chifukwa mapiko amatha kuyambiranso ndipo batire lingakhale likutentha. Ikakodwa pa sikafodi kapena pa kireni, palibe wokwera kukaitenga mothamanga. Imeneyo ndi ntchito ya pamwamba ngati ina iliyonse, yofuna dongosolo ndi lamba wodzimangirira, ndipo pansi pake patchingidwe kaye.

Mawu ochenjeza droni ikasokonekera akhale amodzi, odziwika kwa onse, ndipo ayeserere kamodzi. Masekondi atatu aja sapereka mpata wofunsa kuti mwati chiyani. Woyendetsa nayenso adziwe pamtima mmene angazimitsire mamota droni ili m'mwamba. Pa madroni ambiri a DJI amakankhira timitengo tonse tiwiri pansi ndi m'kati, koma zimadalira mmene zinaikidwira mu pulogalamu, ndiye aone asananyamuke. Asankhiretu malo awiri opanda anthu oti angaigwetserepo dala. Izi zimafuna kuti akuluakulu anene poyera, pasadakhale, kuti wogwetsa droni populumutsa munthu sadzadulidwa malipiro. Popanda mawu amenewo, woyendetsa amayesetsa kupulumutsa makina mpaka mochedwa.

Kusainitsa anthu pa pepala si maphunziro. Funsani awiri kapena atatu mwa apo ndi apo kuti droni ikagwa pafupi nawo atani. Yankho lawo ndi limene likuuzeni ngati uthenga wafika. Ndipo samalani ndi amene sanali pa msonkhano wa m'mawa: oyendetsa malole obweretsa katundu, aganyu olowa masana, alendo. Mlonda wa pageti akhale ndi ndandanda ya nthawi zouluka, ndipo pageti pakhale chikwangwani chimene chimachotsedwa droni ikatera. Chikwangwani chokhala pomwepo chaka chonse anthu amasiya kuchiona.

Kuulutsa kulikonse kudutse pa chilolezo cholembedwa, ngati cha kuwotcherera kapena kukumba, chosainidwa ndi woyang'anira saiti tsiku lomwelo. Chionetse woyendetsa, womuyang'anirira, nthawi, njira, msinkhu wobwererera, malire a mphepo, ndi ntchito zimene zaimitsidwa. Lamuloli likhudzenso droni ya mwini nyumba, ya wojambula wotsatsa malonda, ndi ya mainjiniya obwera kudzayendera. Madroni obwera m'chikwama mwa mlendo ndi amene amauluka popanda wodziwa, ndipo awiri akakumana m'mwamba palibe amene amayembekezera mnzake. Wina aliyense pa saiti, kuyambira kapitawo mpaka wosakaniza matope, akhale ndi mphamvu yoimitsa kuulutsa, ndipo kukambirana kuchitike droni ili pansi.

Zikalakwika, lembani, ngakhale palibe wavulala. Kutaya kulumikizana kwa masekondi 5, chenjezo la kampasi pakona ina ya saiti, munthu amene analowa pansi pa tepi, zonsezi zilowe m'buku pamodzi ndi nambala ya batire ndi malo ake enieni, chifukwa zikabwerezabwereza pamalo amodzi zimakuuzani pamene pali vuto. Ngozi zazikulu zili ndi malamulo ake: pansi pa Part 107, kuvulala kwambiri, kukomoka kwa munthu, kapena kuononga katundu wa ena wopitirira madola 500 kuyenera kunenedwa ku FAA pasanathe masiku 10, ndipo maiko ena ali ndi nthawi zawo. Droni imene yagunda chinthu isaulukenso tsiku lomwelo pongoisintha mapiko. Koperani kaye zolemba za ulendowo kuchokera mu rimoti, unikani mikono ndi mamota ngati zapindika, ikani batire lake padera m'bokosi lachitsulo panja, ndipo ulendo woyamba ikakonzedwa uchitikire pabwalo lopanda anthu, kutali ndi saiti.